Kusanthula polysaccharide mu labu: tiyambire pa therere lomweli

Mwezi wathawu kunabwera mtsikana wina wa ku Zomba mu labu yathu kuno ku Joni, wangoyamba kumene masters, nde tsiku lake lachitatu anandipeza ndikutsuka timabotolo nkundifunsa kuti "achimwene, GC-MS ija ndingaibuke liti?" M'manja anali ndi kachubu ka ufa wofiirira womata ngati phala logona, wochokera ku therere lomwe anagula pa msika wa Yeoville. GC-MS ndi mashini olekanitsa ndi kuzindikira timankhwala ta mu sampulo. Ndinamuuza kuti achemwali, mashini aja sathawa, koma mukaikamo zimenezi lero mupeza ma piki, timapiri ta pa galafu, makumi atatu ndipo olo imodzi simudzatha kuifotokoza supervisor akakufunsani. Zomwe ndinamuuza tsikulo ndi masiku otsatira ndi zomwe ndalemba apazi, ndipo chitsanzo chikhala therere lomweli poti tonse timalidziwa kutelera kwake.

Polysaccharide ndi unyolo wa timashuga tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Sitachi wa mu ufa wa chimanga ndi choncho, cellulose wa mu phesi ndi choncho, pectin wa m'malambe, komanso kutelera kwa therere kuja. Mafunso ndi anayi ndipo ali ndi ndondomeko yake: kodi chili m'botolo langachi ndi chinthu chimodzi kapena chosakanikirana, kodi unyolowo ndi wautali bwanji, kodi mikanda yake ndi yanji, kodi yamangana pati. Funso lililonse lili ndi kolamu yake, chubu cholekanitsira zinthu pa njira yotchedwa chromatography. Mukadumpha loyamba mayankho a atatu enawo ndi bodza lolembedwa bwino basi.

Za chromatography payokha mfundo ndi imodzi, zinthu zimadutsa mu chubu chodzaza ndi ufa kapena timikanda, zina zimachedwa zina zimathamanga, nkutuluka mosiyana. Anayamba ndi Mikhail Tswett cha m'ma 1903, ankalekanitsa utoto wa masamba pa ufa wa choko. Ife tangosintha ufawo ndi kuwonjezera pampu.

Choyamba, kutulutsa polysaccharide mu therere

Dulani therere, chotsani nthanga, umitsani pa 40 mpaka 50°C, perani. Ufawo muutsuke kaye ndi ethanol wa 80% kangapo kuti mafuta, utoto ndi timashuga ting'onoting'ono tichoke, polysaccharide sasungunuka mu ethanol nde musaope kuti mukutaya. Kenako thirani madzi osefedwa a mu labu, galamu imodzi pa mamilita 20 kapena 30, pa 70 mpaka 80°C kwa maola awiri mukutakasa. Apa pali kanthu kamene obwera kumene amaiwala. Joni ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera kunyanja, ndiye madzi kuno amawira cha pa 94°C osati 100. Pepala likanena kuti ikani m'madzi owira kwa mphindi zakuti, olembawo mwina anali m'mbali mwa nyanja. Ikani thermometer mulembe zenizeni zomwe mwaona.

Zikazizira zunguzani pa centrifuge. Therere limavuta apa, madzi ake amalemera moti zinyalala sizikhala pansi msanga, onjezani madzi kapena onjezani nthawi, osalimbana ndi fyuluta ya pepala, mudzagona pomwepo. Madzi oyerawo achepetseni pa rotavap, mashini ouluza madzi, kenako thiranimo ethanol, mbali zitatu kapena zinayi pa mbali imodzi ya madziwo, nkusiya mu firiji pa 4°C usiku wonse. Mmawa mupeza zoyera zoyandama ngati thonje lonyowa, mutha kuzikola ndi kamtengo ka galasi. Ndi zimenezo.

Chachiwiri, kuyeretsa, ndipo apa ndi pamene ntchito imapindulira kapena kufera

Thonje lija lili ndi puloteni, mchere ndi zina. Lisungunuleninso m'madzi. Njira yakale yochotsera puloteni ndi ya Sevag: chloroform ndi n-butanol, 4 pa 1, mumakhutchumula ndi sampulo yanu nkuzunguza, puloteni imakhala kamzere koyera pakati pa madzi ndi chloroform, mumatenga zapamwamba nkubwereza mpaka kamzereko kasiye kuoneka. Zimatha kufika kasanu, kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo uliwonse mumataya kasampulo. Ine ndimayamba ndi enzyme yodya puloteni kenako Sevag kawiri katatu, zimapulumutsa zambiri. Chloroform ndi ya mu fume hood, osati pa benchi poti mukuthamangira takisi.

Ndiye dialysis, kuviika sampulo m'madzi ili mu kathumba ka timabowo kuti mchere ndi timolekyu tating'ono tituluke. Kathumba ka 3.5 kDa (kDa ndi muyeso wa kulemera kwa molekyu) kapena ka 12 mpaka 14 kDa ngati mukudziwa kuti unyolo wanu ndi waukulu, masiku awiri kapena atatu pamalo ozizira, madzi kusintha kawiri katatu pa tsiku. Siyani mpata mu kathumbako chifukwa kamatupa, ndipo mangani mfundo ziwiri mbali iliyonse. Ine ndinatayapo ntchito ya masabata awiri mu bakete chifukwa cha mfundo imodzi yomwe ndinkaikhulupirira. Mukatha, freeze dryer. Samalani ndi kuthima kwa magetsi ngati labu yanu ilibe jenereta yodalirika, magetsi akathima sampulo imasungunuka nkufufuma thovu mpaka kulowa mu paipi.

Musanapite pa kolamu yesani zinthu ziwiri. Shuga yense ndi phenol ndi sulfuric acid, njira ya Dubois ya 1956: phenol wa 5%, asidi wokhathamira kuthira mwachangu pakati penipeni pa madziwo kuti kutentha kubwere, mtundu wa lalanje, kuwerenga mtunduwo pa mashini oyeza kuwala pa 490 nm. Uronic acid, shuga wa asidi wokhala ndi chaji ya negative, yesani ndi m-hydroxydiphenyl pa 520 nm. Therere lili ndi galacturonic acid, mtundu wa uronic acid, wambiri nde nambala yachiwiriyi mudzaifuna kutsogoloku, isungeni.

Chachitatu, kolamu ya DEAE

Iyi imalekanitsa potengera chaji. DEAE-cellulose kapena DEAE-Sepharose ili ndi chaji ya positive, ndiye polysaccharide wokhala ndi uronic acid amakakamira pomwe wopanda chaji ngati sitachi amangodutsa. Longedzani kolamu ulendo umodzi, phala lake lisakhale ndi thovu la mpweya, ndipo isaume pamwamba olo pang'ono. Ikani sampulo, tsukani ndi madzi kapena buffer yopepuka, kenako mchere wa NaCl mokwera masitepe, 0.1, 0.2, 0.3 mpaka 0.5 M. Tolani m'machubu, chubu chilichonse tengani pang'ono muyese ndi phenol uja poti shuga saoneka pa UV, ndipo yang'ananinso pa 280 nm kuti muone ngati puloteni ikutsatirani. Jambulani galafu, phatikizani machubu a piki imodzi, dialysis kuchotsa mchere, umitsani. Sampulo ikhale yosalemera kwambiri, therere lolemera limatseka kolamu ndipo mudzakhala mukuwerenga madontho mpaka mdima.

Chachinayi, kukula kwa unyolo

Apa ndi size exclusion, ena amati gel filtration. Timikanda ta mu kolamu tili ndi timabowo. Molekyu yaikulu siikwana m'mabowomo nde imangodutsa m'mbali nkutuluka koyamba, yaing'ono imalowa bowo lililonse ngati mwana pa msika, imatuluka mochedwa. Anthu ambiri amatembenuza zimenezi pa mayeso, zazikulu ndi zomwe zimatsogola. Sephadex anaiyambitsa Porath ndi Flodin ku Uppsala mu 1959 ndipo mpaka pano ikugwira ntchito, koma G-100 ndi yaing'ono kwa therere, zonse zimangotulukira limodzi koyambirira. Tengani Sepharose CL-6B kapena Sephacryl yamabowo aakulu, ndipo yambani mwadutsitsa blue dextran kuti mudziwe pomwe zosalowa m'mabowo zimatulukira.

Poyeza kulemera kwenikweni timapita pa HPLC, chromatography ya pampu yamphamvu, yokhala ndi kolamu za size exclusion (SEC) ndi RI detector, yomwe imazindikira shuga poona mmene kuwala kukupindikira m'madzi. Sungunulani 1 mpaka 2 mg pa mililita, musiye usiku wonse isungunuke yokha, osaikhutchumula mwankhanza kapena kuiika mu sonicator nthawi yaitali chifukwa mukudula unyolo womwe mukufuna kuyeza. Sefani pa 0.45 µm. Fyuluta ikalimba kwambiri dziwani kuti gawo la sampulo latsalira mmenemo, lembani zimenezo. Madzi oyendetsera akhale ndi mchere, 0.1 M sodium nitrate ndi yodziwika, ndi sodium azide 0.02% kuti tizilombo tisamere, azide ndi poizoni ndipo sathiridwa mu sinki. Mukayendetsa ndi madzi okha, ma chaji a pa unyolo amakankhana, unyolo umatambasuka nkuoneka waukulu kuposa mmene ulili.

Ma sitandadi ndi pullulan kapena dextran, pullulan imabwera kuyambira cha pa 5 kDa mpaka 800 kDa. Koma mvetsani ichi, kolamu siyeza kulemera, imayeza malo omwe molekyu ikutenga m'madzi. Pullulan ndi yofewa imadzikulunga, pectin ndi youma ngati waya, ndiye pectin wa kulemera komweko amatuluka msanga nkuoneka wolemera. Mu thesis mulembe kuti nambalayo ndi poyerekeza ndi pullulan. Ngati muli ndi mwayi wa MALLS, yomwe imayeza kumwazika kwa kuwala, imeneyo imapereka kulemera kwenikweni popanda sitandadi, bola muipatse dn/dc yolondola, nambala yosonyeza mmene sampulo imapindira kuwala ikamachuluka m'madzi, kwa ma polysaccharide ambiri m'madzi imakhala cha pa 0.14 mpaka 0.15 mL/g. Lembani Mw ndi Mn, ma avereji awiri a kulemera, ndi Mw/Mn yosonyeza kusiyana kwa misinkhu. Piki imodzi yooneka bwino siitanthauza kuti chinthu ndi chimodzi, zinthu ziwiri zofanana msinkhu zimatuluka limodzi, nchifukwa chake tinayamba ndi DEAE.

RI detector ndi yamanyazi ndi kutentha. Magetsi akabwera kapena wina akatsegula windo mu July, baseline imayendayenda kwa maola, ipatseni nthawi, pitani mukamwe tiyi.

Chachisanu, mikanda yake ndi yanji

Tsopano tikudula unyolo. Tengani 2 mpaka 5 mg mu chubu cha galasi chokhala ndi chivindikiro cha Teflon, thirani asidi wa TFA (trifluoroacetic acid) wa 2 M, 121°C kwa ola limodzi kapena awiri pa heating block, kenako uluzani asidiyo ndi nitrogen, onjezani methanol nkuumitsanso kangapo. Ubwino wa TFA ndi womwewo, amauluka. Cellulose sagonja ndi TFA, amafuna njira ya Saeman, sulfuric acid wa 72% kaye kenako kusungunula ndi madzi nkutenthetsa. Fructose ndiye mbali inayo, asidi waukali amamuwononga, inulin, unyolo wa fructose, imafuna asidi wofatsa. Ndipo kwa therere pali msampha wake: mfundo ya pakati pa galacturonic acid ndi rhamnose ndi yolimba, siiduka yonse, ndiye onse awiri amaoneka ochepa kuposa mmene alili. Yerekezani ndi nambala ya pa 520 nm ija. Zikasiyana kwambiri yambani ndi pectinase kapena methanolysis musanaike TFA. Palibe nthawi imodzi yokomera shuga aliyense, yesani ola limodzi, awiri, atatu muone mmene zikusinthira, ndipo ma sitandadi anu adutsenso mu asidi yemweyo.

Njira zoonera ndi zitatu ndipo mumasankha malinga ndi zomwe labu ili nazo.

Yoyamba ndi HPAEC-PAD, chromatography ya chaji, ndipo ndi yomwe ndimaikonda chifukwa sampulo siifuna kusinthidwa. Pa pH yoposa 12 shuga amakhala ndi chaji ya negative pang'ono, ndiye kolamu ngati CarboPac PA1 kapena PA20 imawalekanitsa ndi NaOH, ndipo kachitsulo ka golide kamawazindikira. Uronic acid amakakamira, amatuluka mukaonjezera sodium acetate. Mdani wake ndi carbonate. NaOH amayamwa mpweya wa carbon dioxide, carbonate nkukhala pa kolamu, nthawi zotulukira nkumafupika injection iliyonse mpaka xylose ndi mannose kukumbatirana. Musapange madzi anu ndi NaOH wa timibulu, gwiritsani wa madzi wa 50%, tengani pakati pa botolo osalikhutchumula, madzi akhale ochotsedwa mpweya ndipo botolo likhale pansi pa nitrogen kapena helium.

Ngati muli ndi HPLC wamba ya C18 ndi UV, njira ndi PMP. Shuga mumamuveka PMP, mankhwala omuchititsa kuoneka pa UV, mu NaOH wa 0.3 M pa 70°C, nkuthira HCl kuti NaOH uja athe mphamvu, nkutsuka PMP wotsala ndi chloroform katatu, kenako phosphate buffer ndi acetonitrile, kuwerenga cha pa 245 mpaka 250 nm. Imaona uronic acid ndi shuga wamba ulendo umodzi, koma fructose siimugwira. Mukachita ulesi potsuka, piki ya PMP imaphimba mannose. Mtsikana wa ku Zomba uja anagwiritsa imeneyi poti mzere wa HPAEC unali wautali, anapeza galactose, rhamnose ndi galacturonic acid kutsogolo, zomwe zimayembekezeka kwa therere. Glucose anali wambiri pa ulendo woyamba, nditamuuza kuti adonthezere iodine pa sampulo yosayeretsedwa inada bii, sitachi wa nthanga zomwe sanachotse bwino.

Yachitatu ndi alditol acetate pa GC: sodium borohydride, kenako acetic anhydride ndi 1-methylimidazole, myo-inositol ngati sitandadi ya mkati. Shuga ambiri amapereka piki imodzi yoyera aliyense, koma uronic acid saoneka konse, nde kwa pectin mukuona theka la nkhani.

Chachisanu ndi chimodzi, yamangana pati

Apa ndi methylation, ndipo ndi pamene GC-MS imalowa tsopano. Nzeru yake ndi yosavuta. Tangoganizani mwapaka penti unyolo wonse uli womangika, kenako mwaumasula, pomwe palibe penti ndi pomwe panali mfundo. Penti yathu ndi methyl. OH aliyense womasuka, malo a pa shuga pomwe sipanamangike kanthu, amavala methyl, mukadula unyolo malo omwe anali omangika amatsala opanda kanthu, amenewo mumawaveka acetyl, ndipo mass spectrum imakuuzani ili pati.

Umitsani 1 mpaka 3 mg usiku wonse pa vacuum yokhala ndi phosphorus pentoxide, madzi ndi mdani wamkulu. Sungunulani mu DMSO (dimethyl sulfoxide) wopanda chinyezi. M'nyengo yozizira kuno DMSO mumaipeza itaundana m'botolo chifukwa imaundana pa 18.5°C, si kuti yawonongeka, ifunditseni pang'ono isungunuke chivindikiro chili chotseka. Dikirani sampulo isungunuke yonse olo zitenge usiku, yosasungunuka siivala methyl. Kale anthu ankagwiritsa njira ya Hakomori ya 1964, pano ambiri tili pa ya Ciucanu ndi Kerek ya 1984: NaOH woperedwa kukhala ufa, kenako methyl iodide. Perani NaOH mwachangu, makamaka nthawi ya mvula za December, mukachedwa amasanduka phala mu mtondo. Methyl iodide ndi yoopsa zedi, imauluka msanga ndipo imadutsa magolovesi opyapyala, fume hood basi, ndipo musagwire ntchitoyi muli nokha usiku.

Imitsani ndi madzi, tengani ndi dichloromethane, tsukani ndi madzi kangapo, umitsani. Onani pa mashini a infrared (FTIR) ngati bandi ya OH ya cha pa 3400 yazimiririka, ngati ikadalipo bwerezani methylation. Kenako TFA 2 M pa 121°C, kenako sodium borodeuteride osati borohydride wamba, chifukwa deuterium imakhala pa kaboni woyamba ndiye pa spectrum mumadziwa mutu ndi mchira. Ithetseni ndi acetic acid pang'onopang'ono, imatulutsa mpweya nde musatseke chubu. Chotsani borate poumitsa ndi methanol kanayi kasanu, mukasiya borate acetylation siigwira bwino. Acetic anhydride, kutsuka, kuumitsa mofatsa chifukwa zina mwa izi zimauluka, makamaka za kumapeto kwa unyolo, nkubaya pa GC-MS.

Kuwerenga kwake, titenge glucose. Wa kumapeto kwa unyolo ali ndi methyl pa kaboni 2, 3, 4 ndi 6. Womangika pa 1 ndi 4 ali ndi methyl pa 2, 3 ndi 6 ndipo pa spectrum muona zidutswa zolemera 118 ndi 233. Wa pa mphanda, womangika pa 1, 4 ndi 6, ali ndi methyl pa 2 ndi 3 pokha. Spectrum imanena malo a mfundo koma siisiyanitsa glucose ndi galactose, chimenecho mumachidziwa ndi nthawi yotulukira poyerekeza ndi sitandadi, ndi zomwe munapeza pa gawo lachisanu. Pali kasamu kena kodziyesa nako: nthambi iliyonse ili ndi nsonga, ndiye chiwerengero cha a kumapeto chiyenera kuyandikana ndi cha a pa mphanda. Mphanda zikachuluka kwambiri kuposa nsonga, si kuti mwatulukira polysaccharide wachilendo, methylation yanu sinathe.

Kwa therere pali sitepe ina isanafike methylation. Galacturonic acid saoneka pa njirayi pokhapokha carboxyl wake asinthidwe kaye, mumagwiritsa carbodiimide ndi borodeuteride, njira ya Taylor ndi Conrad ya 1972, asidiyo amasanduka galactose wokhala ndi deuterium pa kaboni wachisanu ndi chimodzi moti mumamusiyanitsa ndi galactose weniweni. Mukadumpha apa gawo lalikulu la msana wa unyolo lisowa pa galafu. Zikayenda bwino muona rhamnose womangika pa 2, wina pa 2 ndi 4, galacturonic acid pa 4, ndi timanthambi tatifupi ta galactose, ndiye rhamnogalacturonan I ameneyo, mwini wake wa kutelera kuja.

Chomwe kolamu zonsezi sizingakuuzeni ndi alpha kapena beta, mbali yomwe mfundo yaloza. Amylose wa mu nsima ndi cellulose wa mu phesi onse amapereka glucose womangika pa 1 ndi 4, piki yomweyo, spectrum yomweyo, koma wina timadya wina timasiyira ng'ombe. Pamenepo mufunika NMR, mashini a maginito oona kamangidwe ka molekyu, sampulo ili mu D2O, kapena enzyme yodula mtundu umodzi wokha wa mfundo nkubayanso zidutswazo pa HPAEC. Ndiye mukamagawa sampulo yoyeretsedwa ija muyambe mwapatula 20 kapena 30 mg za NMR, mulembe dzina ndi deti pa galasi penipeni osati pa chivindikiro, muike mu desiccator. Achemwali a ku Zomba aja afika pa carbodiimide sabata ino, GC-MS ndawabukira Lachinayi lotsatira.